Matchanelo akunja pa dishi: kuletsa kokha sikukwanira, pakhale lamulo lomveka

Akonzi,

Ndithokoze pondipatsa danga m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene ikukhudza mabanja ambiri mumzinda uno wa Blantyre, koma imene sindiimva ikukambidwa mozama ku Nyumba ya Malamulo kapena ku bungwe loyang'anira zofalitsa mauthenga la MACRA. Ndikunena za anthu amene ali ndi dishi padenga, amatulutsa ndalama mwezi ndi mwezi, ndipo akuonera kapena akulakalaka kuonera matchanelo a wailesi za kanema za mayiko ena zimene sizinakonzedwere ife, monga SABC ndi e.tv za ku South Africa. Maganizo anga ndi akuti dziko lino lasiya nkhaniyi m'manja mwa makampani, mabwalo a milandu akunja ndi ogulitsa madikoda a m'misika, ndipo nthawi zonse zinthu zikasokonekera amene amalira ndi munthu wamba amene anatulutsa ndalama yake mokhulupirika. Tikufunika lamulo lolembedwa bwino lonena amene ali woyenera kulandira matchanelo akutali, njira yowalandirira mosazemba, ndi udindo wa makampani woonetsetsa kuti matchanelo athu a kuno akufika pa dikoda iliyonse.

Gwero la vutoli ndi momwe setilaiti imagwirira ntchito. Setilaiti zimene zimatumiza kanema zili pamtunda wa makilomita pafupifupi 36,000 kumwamba, ndipo zimazungulira pa liwiro lofanana ndi la dziko lapansi, n'chifukwa chake dishi ikalozetsedwa kamodzi sifunikanso kuigwedeza. Kuchokera kutali chonchi, siginolo imagwa pa dera lalikulu ngati mvula, imene sidziwa kuti munda wa uje wathera pati ndipo wa mnzake wayambira pati. Setilaiti imene yaikidwa kuti itumikire anthu a ku Limpopo ndi ku KwaZulu-Natal imafikanso ku Harare, ku Gaborone, ku Tete ndi kuno ku Chirimba. Chimene chimatseka chitseko si mtunda ayi, koma loko wa pakompyuta amene kampani imaika pa siginolo, kuti itseguke kwa dikoda yokhayo imene yalembetsedwa m'dziko lovomerezeka. Tsono munthu wa ku Ndirande akamauzidwa kuti tchanelo yakutiyakuti sipezeka m'dera lake, nthawi zambiri siginoloyo imakhala ikugunda dishi yake ndithu, kungoti waletsedwa kuitsegula.

Akuluakulu amene anali ndi kanema zaka za m'ma 2000 akukumbukira bwino nthawi imene chitsekocho chinali chosatseka. Wailesi yathu ya kanema, Television Malawi, inali itangoyamba kumene m'chaka cha 1999, inali imodzi yokha, ndipo mapologalamu ake anali ochepa. Kenaka m'mashopu a ku Limbe munadzaza madikoda otchipa a mtundu wa Wiztech ndi Philibao, amene ankagwira SABC 1, 2 ndi 3 popanda kulipira kanthu pamwezi. Madishi anamera pamadenga a malata ku Bangwe, ku Zingwangwa, ku Mbayani ndi ku Chilomoni, onse ataloza chakum'mawa kumene kunali setilaiti ya Intelsat. Ndikukumbukira ntchito yolumikiza dishiyo momwe inkakhalira ya banja lonse: mnyamata wodziwa ntchitoyo ali padenga ndi sipanala m'manja, akusuntha dishi pang'onopang'ono, mwana wina ataima pazenera akuyang'ana kamzere ka siginolo pa kanema n'kumakuwa kuti yakwera kapena yatsika, mpaka zithunzi zitaonekera ndipo onse n'kuomba m'manja. Madzulo anthu ankathamangira kunyumba kuti sewero la Generations lisawapite, ndipo ana ambiri a mumzinda muno anatolera mawu a Chizulu ndi Chisutu asanapondeko ku Joni.

Zimenezi zinatha chifukwa cha mlandu umene Mmalawi aliyense sanaitanidweko. Wailesi ya kanema ya eBotswana inakasuma ku bwalo la milandu ku Johannesburg kuti kampani ya boma la South Africa yotumiza siginolo, ya Sentech, ikulephera kutseka siginolo yake, ndipo anthu a ku Botswana akuonera SABC mwaulere m'malo moonera wailesi ya kwawo imene inagula chilolezo cha mapologalamu ndi ndalama zake. M'chaka cha 2012 bwalolo linagamula mokomera eBotswana, ndipo pakati pa chaka cha 2013 siginolo ija inatsekedwa. Tsiku limodzi lokha, mabanja a ku Zimbabwe, ku Malawi ndi mayiko ena oyandikana anadzuka n'kupeza kanema wakuda bii. Panalibe amene anawachenjeza mwadongosolo, panalibe wowabwezera ndalama za dikoda ndi dishi, ndipo amene anawagulitsa zipangizozo powalonjeza kuti adzaonera mpaka kalekale anangotembenukira ku malonda ena.

Sindikunena kuti chigamulocho chinali cholakwika. Mfundo imene eBotswana inaima nayo ndi yoona, ndipo ife amene timakonda matchanelo akunja tiyenera kuimvetsa ngakhale ikutiwawa. Mapologalamu a pa kanema, kaya ndi masewero, mafilimu kapena mpira, amagulitsidwa potsata malire a mayiko. SABC ikagula chilolezo choonetsa filimu kapena mpikisano wina, imalipira mtengo wa anthu a ku South Africa okha, ndipo mwini wa pologalamuyo amayembekezera kugulitsanso chilolezo china kwa wailesi ya ku Botswana, ya ku Zambia kapena ya kuno. N'chifukwa chake ngakhale munthu amene amalipira phukusi lodula pa akaunti yolembetsedwa ku Malawi sapatsidwa SABC 1, 2 ndi 3. Palinso nkhani ya otsatsa malonda. Wailesi za kanema za kuno, monga MBC, Times, Zodiak, Mibawa ndi Luntha, zimadalira kwambiri ndalama za otsatsa malonda, ndipo wotsatsa malonda amapita kumene kuli maso a anthu. Banja la ku Machinjiri likakhala usiku wonse pa tchanelo ya ku Johannesburg, limaona malonda a mashopu amene kuno kulibe, pamene mtolankhani wathu, wojambula wathu ndi wochita zisudzo wathu akusowa wowalipira. Amene amadandaula kuti mapologalamu a kuno ndi osakoma ayenera kudzifunsanso kuti ndalama yowakometsera idzachokera kuti ngati tonse tayang'ana kwina.

Chachikulu kuposa zonsezi kwa ine ndi uthenga wokhudza moyo. M'mwezi wa March 2023, namondwe wa Freddy asanafike, nthambi yoona zanyengo ndi nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi zinkapereka machenjezo kudzera pa wailesi zathu, kutchula maboma ndi kulangiza anthu okhala m'mphepete mwa mitsinje ndi m'munsi mwa mapiri. Tonse tikudziwa zimene zinachitika ku Chilobwe ndi ku Manja pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche. N'zoona kuti magetsi atazima, imene inathandiza kwambiri inali wailesi ya mabatire, koma machenjezo amayamba masiku angapo mvula isanagwe, nthawi imene kanema akuyakabe m'nyumba. Tchanelo ya ku South Africa singauze munthu wa ku Chilobwe kuti asamuke usiku uno, singamuuze kumene kuli msasa, ngakhalenso kumene akupereka katemera wa kolera. Nyumba imene dikoda yake ilibe tchanelo ya kuno ngakhale imodzi ndi nyumba imene yadulidwa ku uthenga wa dziko lake, ndipo nyumba zotere zilipo zambiri kuposa momwe akuluakulu akuganizira, pakuti dikoda yolembetsedwa kunja imabwera ndi matchanelo a kunja komweko.

Komabe chilakolako cha anthu sichinafe m'chaka cha 2013, chinangolowa pansi. Lero aliyense mumzinda muno akudziwa njira zake. Wina ali ndi mbale wake ku Joni amene anamulembetsera akaunti pa adiresi ya kumeneko n'kumutumizira dikoda pa basi, ndipo mwezi uliwonse ndalama imayenda mozungulira kuti ikalipiridwe m'ma Rand. Wina anagula dikoda ya Openview, imene inapangidwira anthu a ku South Africa okha, kwa munthu amene anaitsegulitsa kumeneko. Ena akugula timabokosi ta pa intaneti tolonjeza matchanelo zikwizikwi. Mnansi wanga wina, bambo wopuma pantchito amene sadziwa n'komwe kuti pali lamulo limene akuliphwanya, anagula dikoda yotere pa shopu ina, atauzidwa kuti ndi yaulere moyo wake wonse. Itasiya kugwira ntchito patangopita miyezi yochepa, anabwerera ku shopu kuja atainyamula m'jumbo pamodzi ndi risiti yake, ndipo anauzidwa kuti vuto lili kwa eni setilaiti, iwo sangachitepo kanthu. Bamboyo analibe kokadandaula, chifukwa ukapita kwa akuluakulu ndi katundu wotere umayamba iweyo kufunsidwa kuti unamupeza bwanji. Ndinawaona atakhala pakhonde akutembenuza risiti ija, ndipo chimene chinkawapweteka kwambiri sichinali ndalama yokha, koma kuti ananamizidwa masana dzuwa likuswa mtengo popanda wowateteza.

Tisaganize kuti onse ofuna matchanelo akutali akungofuna masewero achikondi. Mumzinda muno muli anthu ochokera ku Mozambique, ku Zambia, ku Zimbabwe ndi ku Tanzania amene akugwira ntchito ndi kuchita malonda mwalamulo, ndipo n'chibadwa kuti munthu afune kumva nkhani za kwawo m'chiyankhulo chake. Muli makolo amene ana awo ali ku Johannesburg, ku Cape Town ndi ku Durban, amene mtima umakhala m'mwamba akamva kuti kwabuka zipolowe zothamangitsa alendo, ndipo amafuna kudzionera okha zimene zikuchitika m'makwalala a kumeneko. Muli amalonda amene katundu wawo amadzera ku Beira, ku Nacala ndi pa chipata cha Mwanza. Ndiponso tisaiwale kuti Chinyanja chimayankhulidwa kum'mawa kwa Zambia ndi m'zigawo za Tete ndi Niassa ku Mozambique, kotero kuti pologalamu ya wailesi ya boma la Zambia ya ZNBC ya m'Chinyanja si yachilendo kwa munthu wa ku Mchinji kapena wa kuno. Mbali inayo, abale athu amene ali kunja nawonso amalakalaka MBC ndi Zodiak kuti aone maliro a mfumu ya kwawo kapena masewero a Bullets ndi Wanderers pa Kamuzu Stadium. Zofuna zimenezi ndi zomveka, ndipo dziko lanzeru limazipezera njira yowongoka.

Dziko la America linakumana ndi vuto longa lomweli, ngakhale kuti kumeneko malire ake ndi a zigawo za m'dziko limodzi. Wailesi zikuluzikulu za kanema monga ABC, CBS, NBC ndi Fox zimafika kwa anthu kudzera m'masiteshoni a m'madera, ndipo dzikolo linagawidwa m'misika ya kanema 210. Siteshoni iliyonse ili ndi ufulu woonetsa mapologalamu a wailesi yaikuluyo m'dera lake, n'kumaikamo nkhani ndi malonda a komweko. Madishi atayamba kufala, anthu a kumidzi ndi a kuseri kwa mapiri, amene eriyo yawo sinkagwira siteshoni ya m'dera lawo, anayamba kulandira masiteshoni a ku New York ndi ku Los Angeles kudzera pa setilaiti, ndipo eni masiteshoni a m'madera anadandaula monga momwe inadandaulira eBotswana. Aphungu a kumeneko sanangoletsa, ndiponso sanangolekerera. M'chaka cha 1988 anakhazikitsa lamulo lotchedwa Satellite Home Viewer Act, limene linati nyumba imene singathe kugwira siginolo yokwanira ya siteshoni ya m'dera lake pogwiritsa ntchito eriyo ya padenga ili ndi ufulu wolandira siteshoni yakutali, ndipo kampani ya setilaiti izilipira ndalama yoikika ku ofesi ya boma yoona za umwini wa ntchito zaluso kuti igawidwe kwa eni mapologalamu. Munthu amene sanali m'gulu limeneli ankatha kupempha siteshoni ya m'dera lake kuti imulole. M'chaka cha 1999 lamulolo linakonzedwanso kuti makampani a setilaiti athe kutumizira anthu masiteshoni a m'dera lawo lomwe, chimene chinachepetsa kwambiri chifukwa chofunira akutali.

Sikuti zonse zinayenda myaa. Makampani ena ankalembetsa anthu osayenera pofuna kuchulukitsa makasitomala, ndipo m'chaka cha 2006 bwalo la milandu linalamula kampani ya EchoStar, mwini wa Dish Network, kuti isiyiretu kutumiza masiteshoni akutali a wailesi zikuluzikuluzo. Mabanja mazana a zikwi anadulidwa, kuphatikizapo amene anali oyenera ndithu malinga ndi lamulo, kusonyeza kuti ngakhale kumeneko kampani ikalakwa chikwapu chimagwera wolipira. Koma taonani zimene aphungu anachita pambuyo pake. M'chaka cha 2010 analola kuti Dish ibwererenso pa ntchitoyo pokhapokha itayamba kutumiza masiteshoni a m'madera m'misika yonse 210, ndipo kumapeto kwa 2019 anachepetsa ufulu wa masiteshoni akutali kuti utsalire makamaka oyendetsa mathiraki, okhala m'magalimoto ogonamo, ndi madera amene alibe siteshoni ya wailesi ina yaikulu. Phunziro limene ndikutolapo ndi lakuti iwo anagwiritsa ntchito chilolezo cha matchanelo akutali ngati chokopera makampani kuti afikitse matchanelo a m'dera kwa aliyense, ngakhale kumadera kumene kulibe phindu lalikulu. Anayamba ndi funso lakuti munthu uyu akutha kuona za kwawo kapena ayi, ndipo zina zonse zinatsatira pamenepo.

Funso lomwelo likugwira ntchito kuno, chifukwa Blantyre ndi mzinda wa mapiri. Pakati pa Ndirande, Soche, Michiru, Mpingwe ndi Bangwe pali zigwa ndi makhwawa kumene eriyo imavutika kugwira, ngakhale dziko lino linasamukira ku kanema wa dijito ndipo kampani ya boma ya MDBNL inabweretsa dikoda ya Kiliye Kiliye. Kunja kwa mzinda, kumadera monga Neno, Chikwawa ndi kuseri kwa phiri la Mulanje, dishi ndiyo njira yodalirika kwa mabanja ambiri. Banja lotere likasowa ndalama yolipira mwezi umenewo, siliyenera kutaya nkhani za dziko lake pamodzi ndi mpira wa ku England.

Ku Ulaya nkhaniyi inafika ku bwalo kudzera kwa mayi wina wa malo omwera mowa mumzinda wa Portsmouth ku England, amene ankaonetsa mpira wa Premier League pogwiritsa ntchito dikoda yotchipa ya ku Greece. M'chaka cha 2011 bwalo lalikulu la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya linati kuletsa munthu kugula dikoda ya dziko lina la mumgwirizanowo n'kosemphana ndi ufulu wa malonda pakati pa mayikowo, ngakhale linasiya mbali zina za umwini m'manja mwa eni mpira. Ndikutchula zimenezi chifukwa eni mavidiyo sho athu, amene amalemba masewero a tsikulo ndi choko pa bolodi n'kudzaza mabenchi ndi achinyamata Loweruka masana, ali m'vuto lofanana, koma ife tilibe msika umodzi wolimba chomwecho m'chigawo chino woti awuloze podziteteza. Chimene tili nacho ndi mabungwe okambirana, ndipo ndi omwewo tiyenera kuwagwiritsa ntchito.

Chaka cha 2023 chinatisonyeza poyera kuti wolipira wa kuno ali pambalambanda. Pa mkangano wa kukwera kwa mitengo ya DStv, MACRA inakatenga chiletso ku bwalo lalikulu la milandu, kampani ya MultiChoice Malawi, yogulitsa DStv kuno, inati si iyo imene imaika mitengo koma likulu lake la kunja, ndipo mu August likululo linalengeza kuti likuchotsa DStv m'dziko muno. Ntchitoyo inabwerera mu December bwalo litapereka chigamulo. Sindikufuna kuweruza pano kuti wolakwa anali ndani, chifukwa mbali zonse zinali ndi mfundo zake: bungwe la boma linkateteza thumba la anthu, pamene kampani imagula mapologalamu ndi ndalama zakunja pa nthawi imene Kwacha inkangotsika, ndipo mu November chaka chomwecho inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Chimene ndinaona ine ndi chakuti m'miyezi imeneyo anthu amene sanaganizepo zozemba anayamba kufunsana za momwe angalembetsere akaunti ku mayiko oyandikana nafe. Njira yovomerezeka ikatsekedwa, anthu sazimitsa kanema n'kukagona, amapeza njira ina, ndipo ndalama imene ikanalipira msonkho kuno ndi kulemba ntchito ana athu imatuluka m'dziko mwakachetechete.

Pempho langa loyamba, tsono, likupita kwa MACRA ndi komiti ya aphungu yoona zofalitsa nkhani. Lamulo la Communications Act la 2016 linapatsa bungweli mphamvu zopereka ziphaso ndi kuika mfundo zoti eni ziphaso azitsata. Mwa mfundo zimenezo mukhale yomveka bwino, yolengezedwa kwa anthu m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, yakuti kampani iliyonse yogulitsa kanema wa pa setilaiti m'dziko muno, kaya ndi DStv, Azam, Zuku kapena ina iliyonse, inyamule matchanelo a kuno okhala ndi ziphaso pa phukusi lotsikitsitsa, ndipo ena mwa iwo, makamaka a nkhani, akhale otsegula ngakhale munthu atalephera kulipira. Ndikudziwa kuti malo pa setilaiti ndi odula ndipo wailesi zing'onozing'ono sizingakwanitse kulipira mtengo wokwezera siginolo yawo kumwamba. Apa ndi pamene thumba la Universal Service Fund, limene linakhazikitsidwa kuti mauthenga afike kumadera osafikidwa, lingagwire ntchito yooneka ndi maso. Kampani imene yakwaniritsa udindo umenewu ndiyo ipatsidwe mwayi wogulitsa phukusi la matchanelo a mayiko oyandikana nafe.

Phukusi limenelo silingabwere lokha, liyenera kukambidwa. MACRA imakhala pamodzi ndi mabungwe anzake a m'chigawo cha SADC mu CRASA, ndipo wailesi za boma za m'chigawochi zili ndi bungwe lawo la SABA. Chovuta pa SABC 1 kapena ZNBC yathunthu ndi mafilimu ndi mpira zimene anagula kwa ena, koma nkhani, zokambirana, mapologalamu a zaulimi, a zachikhalidwe ndi masewero amene wailesizo zinapanga zokha ndi katundu wawo, ndipo zingathe kumugulitsa kapena kusinthanitsa. Palibe chimene chingaletse kuti pakhale matchanelo okonzedwera chigawo chonse, ochotsedwamo zimene chilolezo chake n'cha dziko limodzi, momwe nthawi ya malonda igulitsidwe kwa amalonda a kuno, ndipo gawo la ndalama lipite kwa eni ntchito kudzera m'mabungwe monga COSOMA, loona za umwini wa ntchito zaluso kuno, ndi anzake a m'mayikomo. Mgwirizano wotere ukhale wa mbali ziwiri, kuti Mmalawi wa ku Johannesburg kapena ku Lusaka nayenso apeze matchanelo a kwawo pa dikoda ya kumene akukhala. Ena adzati zimenezi zidzapha wailesi zathu. Ine ndikuona kuti chimene chikuzipha ndi momwe zinthu zilili panopa, pamene matchanelo akunja akulowa ndithu koma mobisa, popanda tambala imodzi yotsalira kuno ndiponso pa madikoda amene alibe tchanelo yathu ngakhale imodzi.

Kwa a Competition and Fair Trading Commission ndi a bungwe loimira ogula la CAMA, pempho langa ndi lapafupi. Wogulitsa dikoda aliyense akakamizidwe kulemba pa risiti ngati dikodayo ndi yovomerezeka kugwira ntchito ku Malawi kapena ayi, ndipo amene walonjeza za ulere wa moyo wonse pa katundu amene akudziwa kuti eni ake angamutseke tsiku lililonse abweze ndalama. Wogula amene wabwera kudzadandaula alandiridwe ngati munthu wolakwiridwa, osati ngati wakuba, chifukwa ambiri mwa iwo sanauzidwepo kuti pali kusiyana pakati pa dikoda yolembetsedwa kuno ndi yolembetsedwa kunja. Ndipo kampani iliyonse yokhala ndi chiphaso ikafuna kuchotsa tchanelo pa phukusi limene munthu walipira kale, kapena kuchoka m'dziko muno, ipereke chidziwitso cha nthawi yokwanira ndi kubweza ndalama za masiku otsala popanda munthu kuchita kupondaponda ku maofesi.

Eni wailesi za kanema za kuno nawonso ndili nawo mawu, ndipo ndikuwanena mwachikondi chifukwa ndimaonera ntchito yawo tsiku ndi tsiku. Lamulo lingathe kuika tchanelo yanu pa dikoda, koma silingagwire dzanja la munthu amene wanyamula rimoti. Nkhani ziyambe pa nthawi yake, mawu amveke bwino, zokambirana zikhale ndi mbali zonse, ndipo masewero a m'ziyankhulo zathu apatsidwe nthawi yabwino ya madzulo m'malo modzaza maola ndi nyimbo zobwerezabwereza. Pamene Flames inafika m'ndime ya matimu 16 pa mpikisano wa AFCON mu January 2022 ndipo Gabadinho Mhango anagoletsa chigoli chija ndi Morocco, panalibe amene ankafuna sewero la ku Joni usiku umenewo, zimene zikusonyeza kuti anthu athu amathamangira za kwawo zikakhala zowakhudza ndi zokonzedwa bwino.

Ndikupempha kuti komiti ya aphungu iitanitse msonkhano wapoyera pa nkhaniyi, ndipo umodzi uchitikire kuno ku Blantyre. Pamsonkhanopo pasakhale akuluakulu a makampani ndi a MACRA okha, koma paitanidwenso amisiri olumikiza madishi, amene amadziwa kuti ndi makomo angati m'dera lililonse ali ndi dikoda yakunja ndi chifukwa chake, eni mavidiyo sho, ogulitsa madikoda a ku Limbe, ndi mabanja a m'madera amene eriyo sigwira. MACRA ibwere ndi mapu osonyeza kumene siginolo ya pansi imafika ndi kumene sifika, kuti pokambirana za amene ali woyenera kuthandizidwa tiyambire pa zinthu zoyezedwa, ndipo zimene zidzagwirizanidwe zisindikizidwe m'nyuzipepala ngati ino m'chiyankhulo chimene wogula dikoda angawerenge yekha.

Ine wowerenga wanu,
Chilomoni, Blantyre